Miyala Imene Ndinachotsa pa Khoma la Bambo

Gulbanda,
Kumtunda kwa Swat.
Lachiwiri, 18 Julaye.

Okondedwa a Toti Rahman, mng'ono wanga,

Waona ulemu umenewo? Chibadwire chako sindinakulemberepo motero, ndiye wadziwiratu kuti mbuzi yalowa m'munda wa eni. Khala pansi. Ngati mlamu wanga Tajbaro ali pafupi, umuuze kuti ndi kalata ya boma, akusiya wekha. Umuwerengere ukafika kumapeto, osati usanafike.

Ndikanatha kukuimbira foni, koma umandidziwa. Ndikangomva mawu ako, pakamwa panga pamathamangira nthabwala ngati bulu woona khola, ndipo timatsanzikana ndisananene chimene ndaimbira. Ndayesa kawiri sabata ino. Ulendo woyamba ndinakusimbira za dzino la wometa tsitsi uja, wachiwiri za nkhuku imene inaikira dzira mu nsapato yanga. Choncho ndabwereka cholembera, ndakwera padenga, ndipo kalatayi inyamuka ndi lole ya mapichesi mawa m'mawa. Ndikupempha Mulungu kuti ikupeze tsiku loyamba la mwezi lisanafike, usanapereke makiyi kwa mwini nyumba wako ku Karachiko. Makiyi amenewo uyambe wawagwira kaye.

Padenga pano ndikuona ndodo imene ndinazika m'mphepete mwa madzi. Ili ndi mizere isanu. Dzuwa langopendeka kumene, ndipo madzi ali pa mzere wachiwiri. Ndizikuuza mmene zikuyendera.

Zonse zimene ndakhala ndikukuuza za kuno nzoona, usaganize kuti ndinakunamiza pa zonse. Tikugona ndi mabulangete mu Julaye, pamene iwe ukuti kwanuko phula la mumsewu likumata ku nsapato. Madzi akumwa akupweteka mano. Mapichesi akuthyola nthambi. Madzulo amuna amakhala pa mlatho ndi mbedza zawo, kunamizana za nsomba zimene zinapulumuka. Mphumu ya Tajbaro mphepo ino ingaichiritse, ndikulumbira, ndipo nditamva kuti mwatsimikiza zobwerera kwanu patatha zaka makumi anayi, ndinavina pabwalo mpaka mbuzi zinathawa. Chimene sindinakuuze ndi cha zipinda zako ziwiri zakumunsi, zimene bambo anakusiyira, ndi khoma la miyala limene limazitchinga ku mtsinje.

Sunaiwale, ndikhulupirira, kuti mtsinje wathu sudzaza ndi mvula. Umadzaza ndi dzuwa. Kukatentha masiku angapo popanda kamtambo, chipale chofewa cha m'mapiri chimasungunuka m'mawa, madzi ake nkutipeza madzulo, nthawi ya pemphero la kumzikiti, swala ya Asiri. Bambo ankatikoka makutu nkumati, "Kumwamba kukayera, yang'anani pansi." Ine khutu limenelo likundiwawabe, koma nzeru yake sinalowe.

Chikonzereni msewu, anthu a ku mizinda yotentha ya Lahore ndi Multan anatulukira kuti kuno kuli mphepo yaulere. Amabwera magalimoto ali mdipiti, ndipo chimene amachikonda koposa ndi kudyera m'madzi. Umaika bedi la zingwe pamalo osaya, iwo nkukhalapo, mapazi ali m'madzi, akudya nsomba yokazinga, akukuwa ndi kuzizira, akudzijambula. Sarbuland, mnzako wa kusukulu uja wa makutu ngati zogwirira poto, ali ndi mabedi makumi awiri. Ndiye ine ndizingoyang'ana ngati kadzidzi? Vuto kwathu kuno linali khoma. Ndi lalitali, mlendo sangatsike. Tsono m'nyengo yozizira, madzi atachepa, ndinagumula miyala kumapeto kwa khomalo, mbali yako, nkumanga masitepe khumi ndi awiri okongola ngati a ku hotela, ndi kabwalo koikapo mabedi asanu ndi limodzi. Ndinadziuza kuti ndangobwereka, ndibweza mtsinje usanadzuke. Iwe unamvapo munthu wobweza masitepe?

Mu Malichi linafika tsiku la ashari, lija amuna a khomo lililonse amatuluka kukayendera khoma lonse, kuyambira pa mlatho mpaka ku chigayo, nkumatseka pogumuka. Masiku ano wotsogolera ndi Sarbuland. Ine pampata paja ndinali nditaunjikapo nkhuni zopitirira mutu wa munthu.

"Bakhto, tasuntha nkhunizi tione kumbuyoko," anatero.

"Kumbuyoko kuli khoma la bambo anga, lolimba kuposa mano ako," ndinatero ine. "Kapena wamva fungo la chapati cha mkazi wanga, ukufuna chifukwa choimira pano? Lowa udye, m'bale wanga. Tonse tikudziwa kuti kwanu amakuphikira zidutswa za matayala."

Amuna onse anafa nacho chiseko. Sarbuland anachita manyazi mpaka makutu aja anafiira, nkupitirira. Ndinalowa m'nyumba chifuwa chili patsogolo. Mlamu wako Hukam Jana yekha ndi amene sanaseke. Anati, "Amuna makumi atatu mwawapusitsa. Nanga mtsinje mudzauuza nthabwala yanji?"

Pofika Juni nkhuni zinachoka, mabedi anatsika, ndipo Sarbuland anaona zonse ali pa mlatho. Sanabwere kudzakangana nane. Anangosiya kundipatsa moni, nkuuza anthu pa sitolo kuti, "Khoma la Bakhto nlolimba kuposa mano anga. Lidziteteze lokha."

Ndayang'ananso ndodo. Mzere wachitatu wamira.

Lachinayi lapitali linali tsiku lachisanu ndi chimodzi la dzuwa lopanda kamtambo. Ndinali ndi alendo a ku Multan, banja limodzi: bambo wamimba wovala wotchi yonyezimira, mkazi wake, ana aakazi awiri, ndi mayi ake okalamba amene tinawatsitsa pa masitepe titawanyamula pampando. Kuyambira m'mawa ndinali nditawaseketsa mpaka nthiti kuwawa. Ndinawauza kuti nsomba zathu zimaluma zala za anthu abodza, bamboyo nkukweza mapazi msangamsanga, ana ake kugwa ndi phwete. Ndinawauza kuti ndili mnyamata ndinathamangitsa kambuku ndi supuni. Chilichonse chotuluka m'kamwa mwanga ankaomba m'manja.

Dzuwa litapendeka, Hukam Jana anandiitana pa zenera la khitchini. Ukudziwa kuti iye satulukira kwa alendo.

"Bambo inu, tamverani."

"Ndikumva. Mafuta akulira m'chiwaya."

"Sindikunena mafuta. Pansi pa madzi."

Ndinatchera khutu. Mng'ono wanga, phokoso lija unalimva uli mwana, sungaliiwale: miyala ikuluikulu ikugubuduzika pansi pa mtsinje, gudugudu, ngati malole akutali. Madzi amene m'mawa anali obiriwira anali atasanduka tiyi wamkaka. Kunamveka fungo la dothi laliwisi. Kenako panadutsa kamtengo, masamba ake ali obiriwira, mizu ili m'mwamba.

Ndinatsika masitepe awiriawiri.

"Bwana, tulukani m'madzi. Pompano. Mtsinje ukubwera."

Bamboyo anayang'ana kumwamba, kuli mbee, nkuyang'ana ine. "Baba, iyi ndiye yakoma kuposa ya kambuku ija. Mtambo wake uli kuti?"

"Kuno sitiyang'ana mitambo. Nyamulani amayi."

"Tikamaliza nsombayi. Tabweretsa tiyi wina, ndipo uwonjezere shuga."

"Bwana, ndikulumbira pa manda a bambo anga."

"Eya, ndi supuni ija unalumbiranso choncho!" anatero mwana wamkulu, onse nkusekanso, akudikira kuti nthabwalayo ithera pati.

Moyo wanga wonse ndakhala ndikufuna kuti ndikatsegula pakamwa anthu aziseka. Tsiku limenelo ndinalandira mphoto yake. Ndinaima pamenepo ndikukuwa, iwo akupukuta misozi ya chiseko, madzi amene anali m'akakolo atafika kale m'katumba. Miyendo ya bedi lakumapeto inayamba kunjenjemera.

Ndiye ndinaona foni ya bamboyo ndi makiyi a galimoto ali pambali pake pa bedi. Sindinaganize, manja anaganiza okha. Ndinazitola, ndinazigwedeza pamphuno pake, nkunena kuti, "Zikomo bwana, Mulungu akuwonjezereni," basi liwiro pa masitepe. Ine, wa zaka makumi asanu ndi awiri, bondo limodzi lakufa kale.

"Wakuba! Gwirani wakuba!"

Chimene lumbiro la manda a bambo linalephera, foni inachita. Bamboyo anatuluka m'madzi ngati njati, mkazi wake pambuyo, ana pambuyo pake, onse opanda nsapato. Anandigwirira pamwamba, pafupi ndi khola la mbuzi, nkundipatsa khofi limene mpaka lero khutu lakumanzere likuimba nyimbo. Atakweza dzanja kachiwiri, mwana wamng'ono anakuwa kuti, "Agogo!"

Tinatembenuka. Mabedi anali akupita limodzilimodzi, lina mbale ya nsomba ili pompo. Ndipo pa sitepe yachitatu kuchokera pansi panali Hukam Jana, mpango utagwera paphewa, madzi ali m'ntchafu, gogo uja atamubereka kumsana ngati mtolo wa nkhuni. Sindinaone pamene anatulukira. Ankakwera osayang'ana kumbuyo, sitepe imene waichoka nkumira. Pa yachisanu phazi linaterereka, anagwada, madzi anamufika m'chifuwa, koma gogoyo sanamutaye. Ine ndi bambo wa khofi uja tinagona chamimba pamwamba, wina kugwira mkono uwu, wina uwo, nkukoka. Atafika pouma, Hukam Jana anatsitsa gogoyo, anakonza mpango wake, nkundiyang'ana. Ndikanakonda khofi lina.

Bamboyo anakhala pansi pa ndowe za mbuzi nkuyamba kulira ngati mwana. Ndinamubwezera zinthu zake. Anafuna kupsompsona dzanja langa, ine ndinamuuza kuti ayambe ndi tsaya limene walimenya. Ndi nthabwala yomaliza imene ndinanena tsiku limenelo, chifukwa nditayang'ana kumunsi ndinaona chimene masitepe anga anali kwenikweni. Ndinawamangira alendo, ndipo mtsinje unakwera pomwepo ngati mlendo woitanidwa. Unalowa pampata paja, unazungulira kumbuyo kwa khoma, nkuyamba kudya dothi la pansi pa chipinda chako chakunja, chibuma ndi chibuma.

Munthu mmodzi sangachite kanthu pamenepo. Pamafunika ashari, manja a amuna a tauni yonse, ndipo ashari amaitanitsa ndi Sarbuland.

Ndinathamangira ku mzikiti. Amuna anali akutuluka ku swala ya Asiri, akufunafuna nsapato zawo pakhomo.

"Ashari, abale anga! Madzi alowa kwathu!"

Ena anayang'ana pansi. Sarbuland anapitiriza kuvala nsapato, osafulumira, kumanga chingwe chimodzi, kenako chinzake.

"Alowera pati?" anafunsa. "Pa khoma lolimba kuposa mano anga?"

Palibe anaseka. Ndipo ndikuuze zoona, mng'ono wanga, pa nthawi yomweyo nthabwala inabwera pa lilime langa, yabwino kwambiri, yoti bwalo lonse likanagwa pansi. Ndinaimeza. Inadutsa pakhosi ngati munga wa nsomba. Ndinavula chipewa changa pamaso pa tauni yonse nkuchiika pa nsapato za Sarbuland. Ukudziwa kulemera kwa zimenezo. Bambo anafa osachitapo kwa munthu aliyense.

Ndinati, "Ndinaba miyala ya khoma. Ndinakunamizani nonse pa tsiku la ashari, ndipo iwe ndinakunyoza pagulu. Nyumba ikugwayo si yanga. Ndi ya Toti Rahman, amene sanalakwire munthu, ndipo akubwera ndi mkazi wodwala."

Sarbuland anachiyang'ana chipewacho nthawi yaitali moti ndinamva mtsinje ukulira kuchokera pamenepo. Kenako anachitola, anachikung'untha fumbi, nkundiveka mwamphamvu mpaka chinatseka maso.

"Vala, dazi lako likutithobwa m'maso. Tikupitira Toti, osati iwe. Anthu inu, nkhwangwa! Maunyolo! Matumba!"

Madzi akakhala otero mwala suponyedwa, umangotengedwa ngati chikhatho cha ufa. Njira ndi imodzi yokha, ija tinaiona tili ana: kugwetsa mtengo wathunthu ndi nthambi zake, kumanga tsinde ndi maunyolo kumtunda, nthambi nkugona pampata kuti zithyole mphamvu ya madzi, kenako nkumaponya miyala ndi matumba kumbuyo kwake. Amuna anayang'ana uku ndi uku kufuna mtengo waukulu umene uli pafupi. Ine sindinayang'ane, ndinkadziwa kale. Pabwalo pathu pali mtengo waukulu umodzi wokha, wa mtedza wa akhroti, umene bambo anabzala tsiku limene iwe unabadwa.

Sarbuland anandipatsa nkhwangwa. "Yamba ndiwe."

Ndinayamba ndine.

Tili pakati podula, chipinda chako chakunja chinagwada ngati ngamila, nkupita. Sichinachite phokoso lalikulu nkomwe. Munali bedi la amayi, ndi kashelufu kamene ndinakhomera Tajbaro koikapo mankhwala ake, pafupi ndi zenera, kuti azidzuka akuona mapiri. Amuna anaima pang'ono, Sarbuland nkukuwa kuti, "Mukuonera chiyani, ndi ukwati? Dulani!" Mtengo unagwa pomwe tinkafuna. Maunyolo analira, anakokeka, koma anagwira. Tinaponya miyala mpaka zikhatho kung'ambika, ngakhale bambo wa ku Multan uja ananyamula matumba, wotchi yake ili m'matope. Dzuwa lisanalowe mpata unali utatsekeka.

Ndiye ukudziwa tsopano. Chipinda chimodzi chapita. Chamkati chilipo, koma chili ndi mng'alu wolowa dzanja langa mpaka pamkono. Mtengo wako uli chigonere m'madzi, ndiwo ukugwira chimene chatsala.

Ndayang'ana ndodo. Madzi afika pa mzere wachinayi, ndipo nthambi za mtengowo zikugwedezeka ngati munthu wa malungo. Sarbuland akuti akadzapitirira wachisanu, maunyolo sadzapirira, mtengo udzapita, chipinda chamkati nkutsatira. Dzulo anaima pa wachinayi. Dzana anapitirirako chala chimodzi. Kumwamba kuli mbee, ndipo kutentha kumeneku sikutha mpaka pakati pa Ogasiti. Khoma lenileni silingamangidwe madzi asanagone, mwina mu Okotobala. Amuna alonjeza ashari, koma Sarbuland wanena kuti miyala yonse ya masitepe imene idzapezeke ndidzaituta ndekha pamsana, iwo akumwa tiyi. Ndavomera.

Tsono sindikudziwa chimene ndikukupempha. Ndikati khalani konko mpaka madzi agone, ndikuganiza za Tajbaro, mmene ndinamumvera pa foni paja akupuma ngati chitseko cha dzimbiri, magetsi atazima, fani itaima. Ndikati bwerani, ndikukuitanira ku nyumba imene ndaigumula ndi manja anga. Chimene ndingakuuze ndi ichi. Zipinda zathu zakumtunda zili kutali ndi madzi, pa thanthwe, ndipo kuyambira lero ndi zako. Hukam Jana wasesa kale, watulutsa katundu wathu, wapachika makatani atsopano. Iye akuti azigona kukhitchini. Nditafunsa za ine anati, "Inu mukagone ndi mbuzi, mwina zingakuphunzitseni nzeru." Kashelufu kena ndakhoma dzulo, nkopendekeka pang'ono, koma botolo silikugwa.

Sindikuuzanso kuti kuno ndi ku paradiso. Tauni ino njokoma miyezi khumi, ndipo miyezi iwiri imafuna munthu wa makutu. Ine ndinalibe. Iwe unali nawo kuyambira kale, nchifukwa chake bambo zipinda za kumadzi anapatsa iwe. Werenga, uganize, ufunse Tajbaro. Ukasankha kusunga makiyi ako, sindidandaula. Ukasankha kusandiyankhula, imbira Sarbuland, iye adzandiuza, ndipo adzakondwa kundiuza. Koma ukaimbira ine, ndikulonjeza kuti ndidzakhala chete mpaka umalize, ngakhale unditukwane mpaka foni ithe moto.

Akuitana swala ya Asiri tsopano. Ndatsika, ndakayang'ana pafupi, ndabweranso. Mzere wachinayi ndi zala ziwiri. Ndaima pamenepo mpaka kuitana kutha, ndipo sanakwerenso. Lero tapulumuka. Za mawa adziwa ndi Mulungu ndi dzuwa.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga Tajbaro, umuuze kuti mphepo imene ndinamulonjeza ija mtsinje sunatenge, ikadalipo, ikulowa pa zenera lakumtunda m'mawa uliwonse. Hukam Jana akupereka moni. Mawondo ake ndi otupa ndipo akutsokomola chifukwa cha madzi aja, koma akuti ndisakuuze, ndiye sindinakuuze. Sarbuland akuti ndikuuze kuti mbedza yako ya kale akadali nayo, ndipo malo ako pa mlatho palibe wakhalapo.

M'bokosi muli mapichesi, ndipo pansi pake, m'kansalu, muli mtedza usanu ndi uwiri wa mumtengo wako. Ndinauthyola m'nthambi zimene zili pamwamba pa madzi. Sunakhwime. Sungadyeke, sungamere. Ndangofuna uone kuti chaka chino unabereka kwambiri kuposa zaka zonse, ngati unamva kuti ukubwera. Madontho akuda ali papepalali ndi a makoko ake, andidetsa zala zonse. Hukam Jana akuti achoka pakatha mwezi, koma ndasamba ndi sopo, ndi phulusa, ndi mchenga, sakusintha.

Nthabwala ija ndinaimeza pa mzikiti sindinauzebe munthu. Ndakusungira iwe. Pa foni siingakome, imafuna munthu ataima pakhomo, chikwama chili m'manja.

Ndine mkulu wako, ngati ukundiwerengerabe,

Bakht Rawan.